Kodi Khamu la ku Nyumba ya Mfumu Henry VIII Linkadya Bwanji?

Funso: Ndinamva kuti kunyumba yachifumu ya Henry VIII wa ku England kunkadya anthu mazanamazana tsiku lililonse. Kodi ankawaphikira ndani, nanga ndalama zake zinkachokera kuti? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Zimene munamvazo n'zoona. Ku Hampton Court, nyumba imene mfumuyi inatenga kwa Kadinala Thomas Wolsey, makhitchini ankaphikira anthu pafupifupi 600 kawiri pa tsiku, cha m'ma 10 koloko m'mawa ndiponso cha m'ma 4 koloko madzulo. Chakudyacho sichinali mphatso ayi, chinali mbali ya malipiro a ogwira ntchito, ndipo buledi, mowa, makandulo ndi nkhuni zinkagawidwa moyeza, malinga ndi udindo wa munthu. Antchito wamba ankadyera m'holo yaikulu, akuluakulu m'chipinda chawochawo, pamene mfumu inali ndi khitchini yakeyake.

Ophika ndi owathandiza analipo pafupifupi 200, ambiri ndithu amuna, ndipo onse anali pansi pa mkulu wotchedwa Lord Steward. Ntchito yowawa kwambiri inali ya amuna amene ankakhala pafupi ndi moto waukulu kwa maola ambiri, thukuta lili kamukamu, akutembenuza chitsulo chachitali chimene anatungapo nyama yowotcha.

Kuwononga kunali kwakukulu, makamaka chifukwa cha anthu amene ankangolowerera n'kumadya nawo asali pa mndandanda. N'chifukwa chake mu 1526 Wolsey, amene pa nthawiyo anali nduna yaikulu ya mfumu, anakhazikitsa malamulo a ku Eltham (dzina la nyumba ina yachifumu), amene anachepetsa antchito, analetsa otsuka miphika kugwira ntchito ali maliseche kapena atavala nsanza, komanso analamula kuti zotsala zizipita kwa osauka.

Gawo lachiwiri la funso lanu ndi limene ineyo ndimaliona kuti n'lofunika kwambiri. Ndalama zinkachokera ku minda ya mfumu ndi misonkho ya katundu wa pamadoko, koma mtolo wina wolemera unkagwera alimi, pakuti akapitawo a mfumu anali ndi mphamvu yogula ng'ombe, nkhosa, tirigu ndi nkhuku pa mtengo wotsika kusiyana ndi wa pamsika, ngakhale mwini wake asakufuna, ndiponso yotenga ngolo zake kuti zinyamule katundu wa mfumu. Malipiro ake nthawi zambiri ankachedwa. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anadandaula za mchitidwewu kwa zaka zambiri, m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I ndi Mfumu James I yemwe, mpaka unathetsedwa mwalamulo mu 1660, Mfumu Charles II itabwerera pa mpando.