Mwana Akufuna Kusiya Fomu 4 Chifukwa cha Rap

Mayi wina wa ku Ndirande walemba kuti mwana wake wamwamuna ali Fomu 4, koma mtima wonse uli pa rap. Loweruka lililonse amapita kokapikisana freestyle (rap yopeka pompopompo, osalemba kale) ndi anzake, ndipo akuti m'dera lonselo palibe womugwetsa. Tsopano pulodyusa wina wamulonjeza kumujambula nyimbo ulere, ndiye mnyamatayo akuti mayeso a MSCE angomutayitsa nthawi. Mayiyo akufunsa ngati amuletse kapena amusiye.

Mayi, musamuletse kuimba. Komanso musamulole kusiya sukulu kwatsala miyezi yochepa kuti alembe mayeso.

Choyamba, luso la mwana wanuyo ndi lenileni. Kuima pakati pa anzako, biti ikulira pa kasipika, mnzako wangokunyoza nsapato zako ndi tsitsi lako, iwe n'kumubwezera pompo mawu ogwirizana mpaka gulu lonse kukuwa, si zinthu zoti aliyense angathe. Pamafunika mutu wothamanga, khutu lakuthwa ndi mtima wosanjenjemera. Ndipo njira imeneyi inatulutsapo anthu. Eminem, woimba rap wa ku Detroit ku America, anadziwika m'mipikisano yotereyi. Mu 1997 anakhala wachiwiri pa Rap Olympics ku Los Angeles, ndipo chaka chotsatira anali atayamba kugwira ntchito ndi pulodyusa wotchuka Dr. Dre.

Koma nkhani imeneyi anyamata amaikamba theka. Chomwe chinafika m'makutu mwa akuluakulu amene anamutenga Eminem inali tepi ya nyimbo zolembedwa kale, zojambulidwa kale. Freestyle imathera pomwepo, anthu akabalalika yapita. Nyimbo ndi ntchito ina: vesi yokhala ndi mutu umodzi, kolasi yoti mayi wogulitsa tomato pa msika aziing'ung'udza osadziwa, ndi kubwereza mzere umodzi kakhumi mu situdiyo mpaka pulodyusa atagwedeza mutu. Ambiri ogwetsa anzawo pa bwalo amakanika pamenepa, chifukwa alibe womunyoza, ali okhaokha ndi maikolofoni. Mufunseni mwanayo akuonetseni kope lake. Ngati muli nyimbo zisanu zomalizidwa, ali panjira. Ngati mulibe kanthu, akadali pa masewera, okoma ndithu, koma masewera.

Aonenso amene anakhazikika kwathu kuno. Tay Grin anatenga za Gule Wamkulu n'kuziluka mu hip hop mpaka kutchedwa Nyau King. Gwamba anayamba ndi rap ya m'tauni kenako n'kutembenukira ku nyimbo zauzimu. Aliyense anapeza chake chomuzindikiritsa. Kutengera kalankhulidwe ka ku America sikunakhazikitsepo munthu kuno.

Tsopano za pulodyusayo, poti apa ndi pamene ndikuda nkhawa kuposa za sukulu. Mawu akuti ulere m'nyimbo amafunika kuwafunsa bwino. Biti ndi ya ndani? Nyimbo ikatha kujambulidwa, mwini wake ndani? Ikayamba kubweretsa ndalama, agawana bwanji? Adzaiika pa YouTube ndi Spotify m'dzina la yani, ndipo akaunti yake aziigwira ndani? Mwina munthuyo ndi wabwino ndithu, ambiri amathandiza achinyamata ndi mtima umodzi. Koma zonsezi zilembedwe papepala, onse asaine, inu kapena malume ake muli pomwepo, nyimbo isanatuluke. Ikaphulika kaye, aliyense amakumbukira mgwirizano mosiyana. Safunsa anadya phula.

Lamulo la Copyright la 2016 limateteza nyimbo ya munthu, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga mawailesi, n'kugawira eni ake. Wosalembetsa nyimbo zake kumeneko, ngakhale zizilira m'minibasi iliyonse ya ku Limbe, gawo lakelo salilandira. Dziwaninso kuti nyimbo zambiri kuno zimayenda pa WhatsApp ndi m'mamemole khadi, dzina limakula koma thumba lili gwa. Ndalama ya woimba imachokera kwambiri ku zoimbaimba ndi ku makampani omugwiritsa ntchito potsatsa malonda, ndipo zimenezi sizibwera ndi nyimbo yoyamba.

Mwanayo mwina akuuzani kuti mapanga awiri avumbwitsa. Muyankheni kuti sakusankha mapanga awiri moyo wonse, akungomaliza miyezi ingapo ya ulendo wa zaka 12. Situdiyo idzakhalapo mayeso akatha. Pulodyusa amene sangadikire mpaka pamenepo, ndiye kuti sankafuna luso lakelo. Ndipo MSCE imatsegula makomo a nyimbo zomwezo. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa nyimbo ndi zisudzo, koma kuti alowe pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy, kumene achinyamata amaphunzira kuimba ndi kuliza zida. Ine ndikanakonda aphunzirenso kupanga mabiti ndi kusakaniza mawu pa kompyuta. Wodziwa zimenezo sadikira chifundo cha munthu kuti ajambule, ndipo mwezi umene kulibe zoimbaimba amajambula anzake n'kudya.

Chingerezi ndi Chichewa za m'kalasizo asazipeputse. Miyambi, zining'a ndi ndakatulo zimene amaziona ngati zotopetsa ndi nkhokwe ya woimba rap, ndipo mgwirizano umene adzasaine tsiku lina udzakhala m'Chingerezi cha maloya.

Ndiye khalani naye pansi mugwirizane. Kuyambira lero mpaka pepala lomaliza, mpikisano ukhale kamodzi pamwezi, kope la nyimbo alembe akamaliza kuwerenga. Akatuluka m'chipinda cha mayeso, mumupatse chaka chimodzi: ajambule nyimbo zitatu, azilembetse ku COSOMA, aimbe pamaso pa anthu osamudziwa, osati anzake a m'dera okhaokha omwe amakuwa chifukwa amamukonda. Chaka chikatha muonenso limodzi, zotsatira za mayeso zili m'manja.

Chinanso, Mayi, m'kalata yanu simunanene ngati munamumvapo akuimba. Loweruka likubwerali pitani mukaime chapatali. Mawu ena akakuwawani m'makutu, konzekeranitu.