Tcheni chikungolumpha chiikireni chitsulo chatsopano pa njinga yanga

FUNSO

Akonzi, ndili ndi njinga yampikisano imene ndinagula pakaunjika, ndipo zitsulo zake ndi za Shimano 105 5700, za magiya 10 kumbuyo. Loweruka lililonse ndimakwera nayo msewu wa Ku Chawe, koma miyendo imandithera m'makhota ndisanafike pamwamba, chifukwa giya yopepuka kwambiri ili ndi mano 28 okha. Achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira derailleur (chitsulo chosunthira tcheni pa magiya a kumbuyo) ya 105 R7000 ndi kaseti (mulu wa magiya a pa wilo la kumbuyo) ya magiya 11 yofika mano 32. Wokonza njinga anaika derailleur yokhayo, ati kaseti ikukana kulowa pa habu, ndipo chiikireni tcheni chikungolumpha. Kodi zonsezi si 105 yomweyo?

Mphunzitsi, Matawale, Zomba

YANKHO

Aphunzitsi, achimwene anu anakugulirani zitsulo zabwino ndithu, ndipo wokonza njinga uja sanakunamizeni pa nkhani ya habu. Vuto ndi lakuti dzina la 105 lakhala pa mibadwo ingapo ya zitsulo, ndipo ziwiri mwaphatikizazo sizinapangidwe kuti zigwire ntchito limodzi.

Mukakankha chosinthira magiya cha pa handulo n'kumva kuti "tche", chimakoka kebulo pang'ono pa muyeso woikika, ndipo derailleur imasandutsa kukokako kukhala kusuntha kwa tcheni kuchoka pa giya ina kufika pa inzake. Kwa zaka zambiri zitsulo za Shimano za pamsewu za magiya 8, 9 ndi 10 zinkayendera muyeso umodzi: kebulo ikakokedwa milimita imodzi, derailleur inkasuntha pafupifupi mamilimita 1.7. Pamene kampaniyi inabweretsa magiya 11, kuyambira pa Dura-Ace 9000 mu 2012 kufika pa 105 5800 mu 2014, muyeso uja unatsika kufika pafupifupi 1.4, ndipo R7000 yanu, imene inatuluka mu 2018, ili m'gulu latsopanoli. Choncho chosinthira chanu chakale chikukoka kebulo yochepa kuposa imene derailleur yatsopano ikufuna. Mukaichuna kuti ikhale bwino pa giya yaing'ono, mudzaona kuti pofika pakati tcheni chayamba kulira, chikukanda mano a giya yoyandikana nayo osakwerapo. Ngakhale mutapotoza kasikuluwu kochunira kebulo tsiku lonse, sizingatheke.

Za kaseti ndi zachidule. Malo okhalapo kaseti pa habu ya magiya 11 ndi otalikirapo ndi mamilimita 1.85, n'chifukwa chake yanuyo singamangike pa wilo lakale. Makaseti a Shimano a magiya 11 a mano 11-34 (giya yaing'ono mano 11, yaikulu mano 34), monga HG700, amalowa pa habu yakale popeza giya yaikulu imapindikira cha ku masipoko, koma ya mano 32 ayi.

Ngati mtima wanu uli pa magiya 11, dziwani kuti mugulanso zosinthira zonse ziwiri za pa handulo, derailleur ya kutsogolo, tcheni chopyapyala cha magiya 11, ndiponso wilo lina kapena kaseti ya 11-34 ija. Zosinthira za pa handulo ndizo zodula koposa, ndipo si katundu amene mungamupeze mwachisawawa mumsika wa Zomba. Chenjeraninso ndi Shimano Tiagra 4700 ya mu 2015, imene imasokoneza anthu ambiri: ndi ya magiya 10 monga njinga yanu, koma imakoka kebulo pa muyeso watsopano, moti derailleur yake singagwirizane ndi 5700 ngakhale chiwerengero cha magiya chikufanana.

Komatu ine ndikawerenga kalata yanu, ndikuona kuti chimene chikukusowani si giya ya nambala 11, koma giya yopepuka yokwerera phiri, ndipo imeneyi ingapezeke popanda kugwetsa thumba. Derailleur ya Shimano ya njinga za m'mapiri ya magiya 9, monga Deore kapena Alivio, imayendera muyeso wakale uja wa 1.7, motero imamvana bwino lomwe ndi chosinthira chanu cha 5700 ndipo imasintha magiya onse 10. Zitsulo zoterezi zimapezeka pa njinga zambiri za pakaunjika. Muonetsetse kuti ndi ya magiya 9, pakuti za m'mapiri za magiya 10 zili ndi muyeso wawonso wina. Mukaiphatikiza ndi kaseti ya magiya 10 yofika mano 34, imene ikwana pa wilo lanu lomwelo, mudzamva kusiyana kwake mukangoyamba chitunda chochokera m'tauni.

Musaiwale tcheni. Chakalecho chidzafupika pa giya ya mano 34, ndipo tcheni chachifupi chikhoza kuthyola derailleur mutaika giya yaikulu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kuwonjezera apo, tcheni chotha chimadya mano a kaseti yatsopano msanga. Gulani chatsopano cha magiya 10, ndipo wokonza achiyeze pa magiya aakulu awiriwo asanachidule.

R7000 ndi kaseti yake muzipukute, muzikulunge m'kansalu ka mafuta pang'ono, muzisunge pouma kufikira tsiku limene mudzapeze zosinthira ndi wilo la magiya 11. Pakadali pano bwezeretsani derailleur yanu yakale ya 5700, kuti Loweruka likubwerali musakwere phiri tcheni chikulumpha.