Funsani Adokotala: Khansa ya kudenga kwa mphuno

Funso: Adokotala, achimwene anga a zaka 52 avutika nthawi yaitali ndi mphuno ya kumanzere. Inkangotsekeka, nthawi zina kamfuno, kenako anasiya kumva fungo. Ankalandira mankhwala a chimfine ndi odontheza m'mphuno koma osasintha. Tsopano atawajambula ndi kudula kanyama kukayeza, akuti ndi khansa yotchedwa olfactory neuroblastoma ndipo pakufunika opaleshoni pafupi ndi ubongo. Iwo akukana, akuti bola mankhwala okha. Matendawa ndi otani? Kodi ndi akumtundu, ana awo tikawayezetse? Ndine mlongo wawo wodandaula.

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi la ana kuti mtima ukhale pansi. Khansayi siipatsirana, ndipo palibe umboni woti imayenda m'magazi a banja. Anawo asiyeni. Chimene chimaiyambitsa sichinapezeke, choncho achimwene anu asadziimbe mlandu.

Kudenga kwa mphuno, kumbuyo kwa pakati pa maso, kuli kachikopa kakang'ono kokhala ndi maselo omva fungo. Timitsempha tawo timakwera kupita ku ubongo kudzera m'kafupa kopyapyala kobowokabowoka ngati sefa. Khansayi imamera pa kachikopa kameneko. N'chifukwa chake fungo linawathawa, ndiponso n'chifukwa chake madokotala akutchula za ubongo: chotupa chikakula, njira yake yapafupi ndi kuboola kafupa kaja n'kulowa m'chigaza, kapena kukankhira m'mbali kumene kuli diso. Ena amafika kuchipatala diso likutuluka misozi, litatong'oka, kapena akuona zinthu ziwiriziwiri.

Ndi matenda osowa kwambiri. Madokotala a ku France, Berger, Luc ndi Richard, ndiwo anayamba kuwalongosola mu 1924, ndipo mpaka lero pa anthu miliyoni imodzi sipafika ngakhale munthu mmodzi wopezeka nawo pa chaka. M'mapepala a kuchipatala mungaone atalemba dzina lina, esthesioneuroblastoma. Ndi matenda omwewo. Musawasokoneze ndi neuroblastoma ya ana aang'ono imene imakonda kumera m'mimba, imeneyo ndi nkhani ina.

Kuchedwa kuwazindikira sindikudabwa nako, chifukwa poyamba amangooneka ngati chimfine chosatha. Koma owerenga nonse mundimve apa: chimfine chimagwira mphuno zonse ziwiri, kapena chimasinthasintha mbali. Mphuno imodzi yomweyo ikatsekeka masabata angapo, n'kumatuluka magazi, pemphani kuti dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi aisuzumire ndi kamera. Nthawi zambiri apeza zina zosaopsa, komabe aisuzumire.

Tsopano za opaleshoni. Mantha a achimwene anu ndikuwamvetsa, koma maganizo awo sindikugwirizana nawo. Pa khansa iyi, chithandizo chimene chimathandiza kwambiri ndi kuchotsa chotupa chonse, kenako kuwotcha malowo ndi rediyeshoni, cheza champhamvu cha makina chimene chimapha maselo a khansa. Mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, otchedwa kemo, monga cisplatin ndi etoposide, amawonjezeredwa ngati chotupa chili cholusa kapena chafalikira, koma paokha sitiwadalira kuti achiza. Kale opaleshoniyi inkafuna kucheka kumaso ndi kutsegula chigaza. Masiku ano zotupa zambiri zimachotsedwa kudzera m'mphuno momwemo ndi kamera, dokotala wa mphuno ndi wa ubongo akugwira limodzi, ngakhale chotupa chachikulu chimafunabe njira yakale ija. Zoopsa zilipo, monga kudontha kwa madzi a ku ubongo kudzera m'mphuno kapena matenda oumitsa khosi, ndipo ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa. Koma chotupa chikalowa kwambiri m'chigaza, opaleshoni imavuta kuposa mmene ikanakhalira lero.

Mukapita nawo, funsani zinthu ziwiri. Choyamba, chotupa chafika pati? Madokotala ambiri amagwiritsa ntchito muyezo wa Kadish wa mu 1976: A ngati chili m'mphuno mokha, B ngati chalowa m'mapanga a mafupa ozungulira mphuno, C ngati chapitirira pamenepo. Pambuyo pake anawonjezera D, ya khansa imene yafika m'anabere a m'khosi kapena kutali. Chachiwiri, giredi ya Hyams ndi iti? Imeneyi imachokera ku labotale, kuyambira 1 mpaka 4, ndipo 1 ndi 2 ndi zotupa zofatsa. Ine ndimaiona giredi ngati yofunika zedi, chifukwa chotupa chachikulu chofatsa nthawi zina chimagonja msanga kuposa chaching'ono cholusa.

Ambiri amene achotsedwa chotupa chisanafalikire amakhala ndi moyo zaka zambiri. Fungo lokha nthawi zambiri silibwerera, ndipo chakudya chimazizira m'kamwa chifukwa kukoma kwambiri timakumva ndi mphuno. Kunyumba muziwathandiza kuzindikira utsi, gasi wotayika ndi chakudya chosasa.

Chomaliza, khansayi ili ndi khalidwe lobwerera mochedwa, ngakhale patapita zaka 10 kapena kuposa. Akadzamva kuti achira asadzataye khadi la kuchipatala. Azipitabe kukajambulidwa ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, monga adzawauzire, ndipo akadzamva kachotupa m'khosi kapena kamfuno kakadzayambiranso, asadzadikire tsiku limene anawalembera.