Funsani Azakhali: Mayi amaiwala kuti adya, koma nyimbo saiwala

Azakhali,

Ndimakhala ku Area 25 ndi mayi anga a zaka 74 amene ndinawatenga kumudzi ku Mitundu chaka chatha. Kuchipatala anati ali ndi dementia (nthenda ya mu ubongo yoiwalitsa zinthu), koma yangoyamba kumene. Amafunsa chinthu chimodzimodzi kasanu, amabisa ndalama n'kumati adzukulu aba, ndipo dzuwa likamalowa amamanga katundu kuti akupita kwawo. Mwezi watha amayi a Chigwirizano anabwera kudzawazonda. Atangoyamba kuimba, mayi analowa ndi alto wawo, ndime zonse osaphonya, mpaka kuwongolera mayi wina amene anasokoneza mawu. Usiku umenewo anadya bwino n'kugona. Achimwene anga akuti ndiye kuti amachitira dala. Anawagulira sipika ndi memory card yodzaza makwaya, koma mayi alibe nayo ntchito. Kodi akunamizira? Nanga kuimba kungawachize?

Wotopa, Area 25

Mwana wanga,

Achimwene anuwo muwauze kuti mayi sakuchitira dala. Ine ndinasamalapo apongozi anga zaka zinayi, ndipo zimene mwalembazi ndinaziona ndi maso angawa. Dzina langa linawathawa, ankangonditcha "inu a m'nyumba muno", koma nyimbo za pamtondo anapita nazo kumanda zonse zili zamphumphu.

Chifukwa chake chili m'mutu momwemo. Bungwe la WHO limati mwa anthu 100 alionse odwala dementia, pakati pa 60 ndi 70 amakhala ndi mtundu wa Alzheimer. Umenewu umayamba kudya mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus, imene imasunga zinthu zatsopano, n'chifukwa chake nsima ya masana imaiwalika mbale zisanatsukidwe. Nyimbo ya kale siikhala pamenepo. Inamwazikana m'mbali zina zimene matenda amafikako mochedwa, ndiponso mayi anaibwereza kosawerengeka kutchalitchi, kusiwa, kuchinkhoswe, mpaka inalowa m'milomo ndi m'manja. Safunika kuiganizira, imangotuluka.

Za sipikayo sindikudabwa. Sipika siyang'ana munthu kumaso. Amayi aja ataona kuti agogo atsalira anachedwetsa nyimbo, ataona kuti amwetulira anabwereza kolasi, mwina wina anawagwira dzanja. Ndipo nyimbo zathu n'zoti wina atsogolere, ena avomere. Zimasiya mpata, ndipo munthu amene tsiku lonse amangouzidwa kuti "mwaiwalanso" amapeza pamene iye akudziwa, mwinanso kuposa ena. Mayi amene anawongoleredwa uja anawachitira chinthu chachikulu osadziwa. Chinanso, ndikukayika ngati m'khadimo muli nyimbo zawo. Zimene zimakhazikika kwambiri n'zomwe munthu anazimva ali ndi zaka pakati pa 10 ndi 30. Kwa mayi anu ndiye za m'ma 1960 ndi 1970, zoimba pakamwa ndi m'manja, osati makwaya a lero a kiyibodi. Funsani anzawo a ku Mitundu kuti ankavina chimtali cha nyimbo ziti. Koma samalani, nyimbo imadzutsanso zowawa. Apongozi anga akamva zimene mbumba inkavinira Kamuzu ankanyanyuka, sindinadziwe chimene anakumana nacho, ndinangozisiya.

Kuchiza ayi. Mpaka lero palibe mankhwala ochiza Alzheimer, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo akungofuna ndalama zanu. Chimene kuimba kumachita n'kukhazika mtima pansi, kuchepetsa nkhawa ndi kulusa, kumasula lilime. Zimatha kukhala ola limodzi kapena madzulo onse, mawa n'kuyambiranso. Musachipeputse, usiku umodzi wogona bwino inu mukuudziwa mtengo wake.

Ndiye gwiritsani ntchito nthawi yovuta ija. Kusakhazikika kwa madzulo n'kofala pa matendawa, choncho yambani kuimba cha m'ma 4 koloko, asanayambe kumanga katundu. Anthu awiri kapena atatu akwana, mphindi 20 kapena 30, TV itazimitsidwa. Musawatengere kumene kuli zimkuzamawu za ukwati, phokoso limawasokoneza. Powasambitsa muziimba nyimbo imodzimodzi tsiku lililonse, pakapita masiku adzayamba kudziwa kuti yafika nthawi ya madzi. Akatembenukira kumbali kapena kukwinya nkhope, lekani. Ndipo chonde, nyimbo ikatha pasapezeke wofunsa kuti "agogo, ine ndine ndani?" Si mayeso.

Mwasaina kuti Wotopa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Ndikudziwa kuti amayi aja atafika munathamangira kukhitchini kukatereka tiyi. Ulendo wina musatero. Khalani pamphasa pambali pa mayi, inu soprano iwo alto. Miyezi yonseyi mwakhala namwino, wapolisi, wotsuka zofunda, ndipo mphindi zimenezo mudzakhalanso mwana wawo. Ine ndinalira tsiku loyamba, koma msana unapepuka. Tsiku limene simungathe, asiyireni amayiwo mukagoneko ola limodzi, palibe tchimo pamenepo. Pemphani kuti azibwera mosinthana, awiriawiri, kusiyana ndi gulu lonse kamodzi pa chaka.

Kuchipatala musasiye. Aziwayeza BP ndi shuga, chifukwa zimenezi zikalekereredwa zimawononga misempha ya mu ubongo n'kuwonjezera kuiwala. Makutu awaonenso. Akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, thamangani nawo ku Kamuzu Central, nthawi zina amakhala malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo amene amachizika. Auzeninso aneba ndi amfumu a m'dera lanu za matendawa lisanafike tsiku loti mayi asochere. Tonse tamvapo za agogo omenyedwa powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Achimwene anuwo sipikayo atenge akamvere kwawo. Lamlungu likudzali abwere okha, akhale pakhonde aimbe bass.