Malo aulere aja ku America

Achimwene, mwafunsa ngati boma la America linkagawadi malo kwaulere kumadzulo. Eya, koma ulere wake unali wa thukuta. Lamulo la Homestead Act, lomwe Abraham Lincoln adasaina mu 1862, linkapatsa munthu maekala 160, bola akhalepo zaka zisanu, amange nyumba, alime, n'kulipira madola 18 a zikalata.

Ku Nebraska, limodzi mwa madera omwe ankagawidwawo, mitengo inali yosowa, ndiye ankadula zidina za dothi ndi udzu wake womwe n'kumangira nyumba. Pophika ankasonkhera ndowe zouma za njati. Mu 1874 dzombe lidapsereza minda, ambiri n'kuthawa.

Komatu malowo anali ndi eni ake. A Pawnee, mtundu wa anthu omwe ankakhala ku Nebraska azungu asanafike, adasamutsidwira kudera lomwe lero ndi Oklahoma.