Funsani Dokotala: Ndinasiya kupemphera, kodi kusinkhasinkha kungandithandizebe?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 47 wa ku Luwinga. Papita zaka zitatu chisiyireni kupita kutchalitchi chifukwa chikhulupiriro chinandithera, koma ziphunzitso monga kukhululuka ndi kukhala chete n'kusinkhasinkha ndimazikondabe. Kuchipatala anandipeza ndi BP ya 152/96, ndili pa mankhwala, ndipo tulo sindikupeza. Achemwali anga akuti n'chifukwa chotaya Mulungu. Kodi zinthuzi zingagwire ntchito kwa munthu wosakhulupirira?

Yankho: Bambo, za chikhulupirirozo ndi za inu ndi mtima wanu, ine sindilowererapo. Koma BP imagwira abusa ndi osapemphera omwe. Ife timayang'ana mchere, kunenepa, mowa, fodya, msinkhu komanso ngati matendawa alipo kumtundu kwanu.

Kusinkhasinkha kumathandiza ndithu. Mu 1979, Jon Kabat-Zinn wa ku University of Massachusetts ku America anatenga kasinkhasinkhidwe ka Abuda, n'kuchotsamo zachipembedzo, n'kuyamba kuphunzitsa odwala kwa milungu 8. Mukamapuma modekha, ka 6 pa mphindi, potulutsa mpweya n'kumachedwerapo kusiyana ndi pokoka, mtsempha wotchedwa vagus umachepetsa liwiro la mtima. Mtsemphawo sufunsa ngati munabatizidwa. Yesani mphindi 10 m'mamawa, mutakhala pampando, foni ili kutali, ngakhale mutafunda bulangete ndi kuzizira kwathu kuno. Maganizo adzathawira ku lendi ndi fizi ya ana, osadandaula, ingowabwezani ku mpweya. Kukhululuka nako kuli ndi phindu m'thupi, poti munthu wogona akubwereza mkangano wa chaka chatha mtima umangomuthamanga, tulo n'kuthawa.

Koma musanamizidwe. Zimenezi zimatsitsa BP pang'ono chabe, ndipo yanuyo yadutsa 140/90, malire amene timati BP yakwera. Mapiritsi musasiye ngakhale mukumva bwino, ndipo mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Kutchalitchi simunkangopezako ulaliki. Kunali kwaya, macheza a panja mapemphero akatha, anthu okuzondani mukadwala, okukhuzani maliro akakugwerani. Kusinkhasinkha nokha m'chipinda sikungalowe m'malo mwa zimenezo, ndipo kusungulumwa kumasokoneza tulo. Kodi Lamulungu m'mawa mumakhala ndi ndani? Pezani gulu, kaya la bawo, la banki m'khonde, kapena anzanu oonera nawo mpira ku Mzuzu Stadium. Achemwali anuwo musadane nawo, akulankhula chifukwa chokuderani nkhawa.

Ngati kusowa tuloku kwapitirira milungu iwiri, chakudya sichikukoma, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, pitani ku chipatala cha St John of God kapena ku Mzuzu Central Hospital akakuoneni, mwina ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Mukayamba kuganiza zodzipha, pitani tsiku lomwelo, mutenge wachibale wokuperekezani.