Kodi chimanga chimadya chiyani? Mayankho a mlangizi kwa alimi a ku Dedza

Bambo wina wa ku Bembeke wadandaula kuti chaka chatha anathira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa monga mwa nthawi zonse, koma chimanga chinakhalabe chonyentchera, masamba a pansi achikasu, ena ofiirira m'mbali. Akufunsa ngati feteleza wa masiku ano anachepa mphamvu.

Bambo, tisanaweruze feteleza tiyambe tamvana za zimene chimanga chimapangidwa nazo. Mukaumitsa chomera chonse, mizu, phesi ndi njere, magawo oposa 90 pa 100 alionse a kulemera kwake amakhala kaboni, okosijeni ndi hayidirojeni, ndipo zitatuzi sizichokera m'thumba ayi, zimachokera mumpweya ndi m'madzi. Tsamba limakoka mpweya wa kaboni kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, mizu imakweza madzi, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa tsambalo limapanga shuga. Shugayo ndiye amalumikizana kukhala ufa wa m'njere ndi wa m'mbatata ya kachewere, komanso ulusi wolimbitsa phesi. M'zaka za m'ma 1600 wasayansi Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels anadzala kamtengo mumphika n'kumangokathirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengowo unawonjezera makilogalamu pafupifupi 74, pamene dothi linachepa ndi magalamu osafika 60. Iye anaganiza kuti zonse zinachokera m'madzi, popeza gawo la mpweya linadziwika pambuyo pake.

Zimene mizu imatenga m'nthaka n'zochepa, koma popanda izo ntchito ya tsamba imaima. Nayitrojeni ali m'chinthu chimene chimabiriwitsa tsamba ndi kugwira kuwala, alinso m'mapuloteni onse, a chomera ndi a thupi lathu lomwe. Akasowa, chomera chimamuchotsa m'masamba akale n'kumutumiza ku atsopano, n'chifukwa chake chikasu chimayambira pansi, kuchokera ku nsonga ya tsamba kutsata msana wake. Kufiirira kwa m'mbali nthawi zambiri kumasonyeza kuperewera kwa fosifolasi, amene amanyamula mphamvu m'chomera ndi kukulitsa mizu, ngakhale kuzizira kwa kuno kumafiiritsanso chimanga cha m'dimba m'miyezi ya June ndi July.

Ine ndikukayikira dothi lanu kuposa feteleza. Dothi lofiira la m'mapiri a Bembeke, kumene mvula imachuluka ndi kutsuka kashiamu, limadziwika kuti lili ndi asidi wambiri. Asidi amayezedwa ndi muyezo wa pH: 7 ndiye pakati, ndipo nambala ikatsika ndi imodzi, asidi wachuluka kakhumi. Ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kupsereza nsonga za mizu, ndipo iye pamodzi ndi ayironi amagwira fosifolasi mwamphamvu moti muzu sungamutenge. Ndalama zanu zili m'munda momwemo, koma chimanga sichikuzifikira. Choipa china n'chakuti Urea wothiridwa chaka ndi chaka amawonjezera asidiyo pang'onopang'ono.

Choncho musathamangire kugula thumba lachitatu. Kambiranani ndi mlangizi wa m'dera lanu kuti dothi likayezedwe, monga ku Chitedze, ndipo zotsatira zake ndizo zidzakuuzeni kuchuluka kwa laimu wa ulimi woyenera. Laimuyo amasakanizidwa ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu mvula isanayambe chifukwa amasungunuka mochedwa. Manyowa owola bwino amathandizanso, popeza amamanga aluminiyamu. Ngati pamundapo pamabweranso kachewere musachulutse laimu, pakuti asidi akachepa kwambiri khungu la mbatata limagwidwa nkhanambo ndipo ogula a pa Lizulu amatsitsa mtengo.

Mayi wina wa ku Linthipe akuti anzake amangosiya Urea pamwamba pa mzere kuti mvula idzamulowetsa, ndipo akufunsa ngati kukumba timayenje si kudzitopetsa chabe.

Amayi, pitirizani kukumba. Nambala 46 yolembedwa pathumba ikutanthauza kuti m'makilogalamu 50 muli nayitrojeni wokwana makilogalamu 23. Urea akakhudza dothi lachinyezi amasanduka amoniya m'masiku ochepa, ndipo amoniya ndi mpweya, womwe uja umakuyabwani m'mphuno mukalowa m'khola la mbuzi m'mamawa. Akakwiriridwa, dothi limamugwira mpaka mizu imupeze. Akakhala pamtunda dzuwa lili ng'aa, gawo lina limauluka. Anzanuwo amapulumuka pokhapokha mvula yokwanira ikagwa msanga, ndipo palibe mlimi amene amalamula mitambo. Kumbani kadzenje pafupifupi masentimita 10 kuchokera pa phando, thirani, kwirirani, chimanga chitatha masabata atatu kapena anayi chimerere. Musasakanize Urea ndi phulusa kapena laimu pothira, chifukwa ziwirizi zimafulumizitsa kuthawa kwa amoniya. Amene mumapanga manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza ndi ndowe, madeya ndi phulusa, musapyole muyezo wa phulusa, ndipo thumba lizikhala lomangidwa bwino.

Mnyamata wina wa ku Lobi waona kuti chimanga chobwera pamene panali soya chimabiriwira kuposa china, ndipo akufunsa ngati angasiyiretu feteleza.

Achimwene, mwaona bwino. Magawo 78 pa 100 a mpweya umene tikupumawu ndi nayitrojeni, koma ali m'timagawo tiwiritiwiri togwirana mwamphamvu kwambiri moti chomera sichingatilekanitse. Anthu anapeza njira yake mu 1909 kudzera mwa Fritz Haber wa ku Germany, ndipo Carl Bosch anaifikitsa pa fakitale mu 1913. Njirayo, imene imapanga amoniya wopangira Urea, imafuna kutentha kwakukulu ndi gasi wochuluka, n'chifukwa chake mtengo wa gasi ukakwera kunja, wa Urea umakweranso kuno. Mabakiteriya otchedwa rhizobia amagwira ntchito yomweyo mwakachetechete m'timibulu ta pa mizu ya soya, mtedza, nandolo ndi nyemba, ndipo chomera chimawalipira ndi shuga. Zulani soya mmodzi akayamba maluwa, mudule kambulu ndi chikhadabo. Mukapeza mkati mofiira ndiye kuti ntchito ili mkati, ndipo kufiirako kumachokera ku chinthu chokhala ndi ayironi, chachibale ndi chimene chimafiiritsa magazi athu. Mkati mukakhala moyera, kapena timibulu tikasowa, soyayo akungodya za m'nthaka ngati chimanga, ndipo mbewu yotsatira muipake inokulanti (mabakiteriya omwewa ogulitsidwa m'mapaketi) pa tsiku lodzala, pamthunzi, chifukwa mabakiteriya amafa ndi dzuwa.

Koma kusiyiratu feteleza sindikukulangizani. Nayitrojeni wambiri wa soya amatuluka m'munda ndi njere zimene mumagulitsa, nyemba zimakola wochepa, ndipo palibe mbewu ya mtundu wa nyemba imene imapanga fosifolasi. Mukhoza kuchepetsa wobereketsa, makamaka ngati masangwi anabwerera m'munda, koma wokulitsa akhalepo.

Ambiri afunsanso za kutentha mapesi, poti phulusa nalo ndi chakudya cha mbewu. N'zoona kuti m'phulusa mumatsala potaziyamu ndi kashiamu, koma kaboni, nayitrojeni ndi salufa wambiri zimapita ndi utsi, ndipo kaboniyo ndiye chakudya cha tizilombo timene timafewetsa nthaka kuti izisunga madzi. Kwirirani mapesi mukangokolola, dothi likadali ndi chinyezi. Mukawakwirira mochedwa, pafupi ndi mvula, tizilombo toolatsa timayamba tabwereka nayitrojeni wa m'nthaka, ndipo chimanga chanthete chimachita chikasu kwa masabata angapo.